Akanakhala wopemphera sakanatero

Mawu amene andichititsa kulemba nkhani ino ndinawamva pa siwa ku Chibavi, pa maliro a bambo wina amene anadzipha, m'mwezi wa Juni, usiku wa chisanu cholowa m'mafupa chimene aliyense wokhala kuno ku Mzuzu amachidziwa, pamene abambo tinali titazungulira moto panja ndipo amayi anali m'nyumba ali chete. Bambo ena achikulire, amene ndimawalemekeza mpaka lero, anasonkheza chikuni n'kunena motsitsa mawu kuti, "Akanakhala wopemphera sakanatero." Anthu angapo anavomereza ndi mutu. Ine sindinayankhe, chifukwa pa siwa si malo otsutsirana ndi akuluakulu, koma mumtima ndinazizwa kwambiri, pakuti malemuwo ndinakhala nawo moyandikana zaka 9, ndipo mwa abambo onse a mu mzere wa nyumba zathu panalibe wokonda za Mulungu kuposa iwo.

Anali kalipentala wochokera ku Dowa, mmodzi mwa ife a m'chigawo chapakati amene tinabwera kumpoto kuno kudzafuna ntchito n'kukhazikika. Anali ndi shedi ya malata m'mphepete mwa msewu, m'mene ankakhomeramo zitseko, mabedi ndi mabokosi a maliro, ndipo Lamulungu lililonse ankaimba besi m'kwaya ya abambo, ataima kumapeto kwa mzere wakumbuyo chifukwa anali aatali. Analinso msungichuma wa kagulu kathu ka abambo, kamene kamasonkha ndalama mwezi ndi mwezi zothandizira odwala ndi oferedwa. Zimene zinawachitikira tinazilumikiza iwo atapita kale. Analandira oda yaikulu ya madesiki, anagula matabwa a ku Chikangawa ndi ndalama ya katapila, anakhoma madesikiwo n'kukatula, koma mwini odayo sanalipire. Katapila sadikira munthu, ndipo chiwongoladzanja chitayamba kuberekana iwo anatapa m'thumba la gulu, ali ndi chikhulupiriro chonse kuti abweza mwezi usanathe. Mwezi unatha, wina unatsatira, ndipo tsiku lowerengetsa ndalama pamaso pa gulu linkayandikira.

Anajomba kutchalitchi masabata 7 otsatizana. Chiwerengerochi ndinachipeza pambuyo pake m'kaundula wa kwaya, koma kujombako tonse tinkakuona nthawi yomweyo, pakuti nyimbo zinkamveka zopepuka kumunsi. Chimene tinachita ndi kukambirana za iwo. Wina anati abwerera m'mbuyo, wina anati mwina ayamba kumwa, winanso anati akopeka ndi aneneri a m'matenti. Ine ndinkadutsa pa shedi yawo kawiri pa tsiku, popita kusukulu kumene ndimaphunzitsa ndi pobwerera, ndipo tsiku lina madzulo ndinawapeza atakhala pa benchi yosamaliza, chopalira matabwa chili pamwendo, pansi popanda ngakhale kaphalo kamodzi katsopano. Ndinawapatsa moni, iwo anati, "Tili bwino aphunzitsi, kaya inu," ndipo ine ndinalandira yankholo monga momwe timalandirira masiku onse, n'kupitiriza ulendo wanga. M'mawa mwa tsiku la maliro akuluakulu a mpingo anagamula kuti mpingo suimba, amayi savala yunifolomu, ndipo padzangokhala pemphero lalifupi lotonthoza otsala.

Kuchokera nthawi imeneyo ndakhala ndikuwerenga zimene ena anafufuza pa funso lakuti kodi kukhulupirira Mulungu, kapena kusakhulupirira, kumachepetsa kapena kuwonjezera chiopsezo chakuti munthu adziphe. Funsoli si latsopano. M'chaka cha 1897 katswiri wa za chikhalidwe cha anthu wa ku France, Émile Durkheim, anayerekeza ziwerengero za mayiko ndi zigawo za ku Ulaya, ndipo anapeza kuti kumadera a Apulotesitanti odzipha ankachuluka kuposa kumadera a Akatolika, pomwe pakati pa Ayuda ankachepa. Popeza Akatolika ndi Apulotesitanti onse ankaphunzitsa kuti kudzipha ndi tchimo lalikulu, iye anaona kuti kusiyanako sikukanachokera m'chiphunzitso, koma m'kulimba kwa chingwe chimene chimamanga munthu kwa anzake. Anaonanso kuti okwatira, makamaka amene ali ndi ana, ankadzipha mocheperako poyerekeza ndi osakwatira, ndiponso kuti pa nthawi ya nkhondo, pamene mtundu wonse umakhala ndi nkhawa imodzi, chiwerengerocho chinkatsika. Makolo athu anaiona kale nzeru imeneyi pamene anati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu, ngakhale kuti iwo sanaiike m'manambala.

Komabe manambala a imfa yotereyi ndi oterera. Mu 1996 ofufuza awiri, Frans van Poppel ndi Lincoln Day, anayang'ana m'mabuku a imfa a ku Netherlands a zaka za 1905 mpaka 1910, ndipo anaona kuti pakati pa Akatolika imfa zambiri zinkalembedwa kuti ndi zadzidzidzi kapena zosadziwika chifukwa chake, zimene zikusonyeza kuti mbali ina ya kusiyana kumene Durkheim anakuona inali ya kalembedwe chabe. Ife sitifunika kupita kutali kuti timvetse zimenezi, chifukwa ambiri tinamvapo wolankhula m'malo mwa banja akunena pamanda kuti malemu anangodandaula mutu pang'ono, pamene mudzi wonse ukudziwa zoona zake. Kumene imfayi imachititsa manyazi kwambiri n'kumene imabisidwa kwambiri, choncho dera lopemphera likhoza kuoneka lotetezeka pa pepala chifukwa chongodziwa kusunga chinsinsi.

Kafukufuku amene amatchulidwa kawirikawiri masiku ano ndi wa Tyler VanderWeele wa ku yunivesite ya Harvard ndi anzake, amene anatuluka mu 2016. Iwo anatsatira moyo wa anamwino achizimayi 89,708 a ku America kuyambira 1996 mpaka 2010, ndipo mwa onsewo 36 anadzipha. Amene ankapita kumapemphero kamodzi pa sabata kapena kuposerapo, chiopsezo chawo chinali chotsika pafupifupi kasanu poyerekeza ndi amene sankapitako n'komwe, ndipo kusiyanaku kunatsalabe ngakhale ofufuzawo ataganizira za amene anali ndi matenda okhumudwa poyamba pomwe. Kafukufuku wina wa mu 2004, wa Kanita Dervic ndi anzake, anaunika odwala 371 amene anagonekedwa m'chipatala ndi matenda okhumudwa, ndipo anapeza kuti amene analibe mpingo kapena chipembedzo anali atayesapo kudzipha kochulukirapo, pomwe a chipembedzo ankagwidwa ndi chikumbumtima chowauza kuti kutero n'kulakwa. Ine monga Mkhristu zimenezi sindizikana, ndipo munthu wosakhulupirira amene ali woona mtima sayeneranso kuzikana. Chiphunzitso chakuti moyo si wako wekha, chimene Augustine, mphunzitsi wa mpingo wakale, anachimanga pa lamulo lakuti usaphe ndipo Asilamu amachipeza mu Surah 4 ndime 29, chimagwira ntchito ngati mpanda, ndipo alipo anthu amene mpanda umenewo unawaimitsa usiku umodzi woipitsitsa mpaka kunja kunacha.

Koma tiyenera kuona bwino chimene anamwino aja anafunsidwa. Sanafunsidwe zimene amakhulupirira mumtima, anafunsidwa kuti amapita kangati. Amene sapita kutchalitchi si onse okana Mulungu, pakuti ena ndi odwala, ena anakhumudwitsidwa, ena ndi amanyazi, ndipo ena akuthawa msonkhano wowerengetsa ndalama. Akanabwera wofufuza ku Chibavi mwezi wa Meyi chaka chimenecho, kalipentala wathu akanalembedwa m'gulu la osapita kumapemphero, ndipo imfa yawo ikanawonjezera umboni wakuti osapemphera ndiwo amadzipha, chimodzimodzi mmene ananenera bambo aja pa moto. Chikhulupiriro chawo sichinachoke, ndipo mkazi wawo anatiuza kuti masabata onsewo ankadzuka pakati pa usiku n'kugwada pambali pa bedi. Chimene chinaduka ndi njira ya pakati pa shedi yawo ndi ife.

Ndikaganizira za dziko lathu, funso loyerekeza okhulupirira ndi osakhulupirira limaoneka ngati lobwereka kwina. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa Amalawi 100 alionse pafupifupi 77 ndi Akhristu, pafupifupi 14 ndi Asilamu, ndipo 2 okha ndiwo anati alibe chipembedzo. Apolisi analengeza kuti kuyambira Januwale mpaka Ogasiti 2020 anthu 182 anadzipha, pomwe miyezi yomweyo mu 2019 anali 116, ndipo mwa 10 alionse 9 anali amuna. M'dziko limene pafupifupi aliyense ali ndi tchalitchi kapena mzikiti wake, n'zosatheka kuti amene tikuwaika m'manda akhale anthu okana Mulungu okhaokha. Ndi anzathu a m'kwaya, a m'mlaga, a m'limana, ndi amene timaima nawo mzere umodzi Lachisanu. Kunja kwa malire athu nkhani ndi yomweyo. Malinga ndi ziwerengero za bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO za chaka cha 2019, anthu opitirira 700,000 amadzipha chaka chilichonse, ndipo chigawo cha Africa, chimene palibe angachinene kuti n'chosapemphera, ndicho chinali patsogolo ndi anthu 11.2 pa 100,000 alionse, pomwe dziko lonse lapansi linali pa 9.0. Dziko limene linali pamwamba pa onse ndi Lesotho, kumene anthu ambiri zedi ndi Akhristu. Ku Sri Lanka chiwerengero cha odzipha chinatsika ndi pafupifupi 70 pa 100 m'zaka 20 zotsatira 1995, osati chifukwa anthu anatembenuka mtima, koma chifukwa boma linaletsa mankhwala a kumunda oopsa kwambiri, moti munthu wopsa mtima kwa ola limodzi ankapeza mwayi wofika mawa. Ngongole, mowa, matenda a maganizo, mikangano ya m'banja ndi zimene zili pafupi ndi dzanja pa ola loipa zimalemera kwambiri pa sikelo imeneyi, ndipo sizifunsa munthu kuti amapemphera kuti.

Nkhani ya amuna 9 pa 10 aja imandivutitsa mwapadera, chifukwa ndikayang'ana m'matchalitchi mwathu ndimaona kuti ukonde umene umagwira munthu akagwa analuka ndi amayi, ndipo umagwira amayi. Iwo amakumana pakati pa sabata, amayenderana, amalirira pamodzi, ndipo mmodzi akasowa Lachinayi mnzake amakhala atafika kale pakhomo Lachisanu ndi kambale ka ufa. Abambo timakumana kuti tikambirane za njerwa za nyumba ya abusa ndi za malipoti a chuma. Tinakula tikuuzidwa kuti mwamuna salira, ndipo pamwamba pa mwambo umenewo tinasanjikapo chiphunzitso chakuti Mkhristu sadandaula, moti bambo amene wamira m'ngongole amakhala ndi zitseko ziwiri zotseka m'malo mwa chimodzi.

Palinso mtundu wa chikhulupiriro umene umawonjezera katundu m'malo momutula munthu. Katswiri wa za maganizo wa ku America, Kenneth Pargament, anasiyanitsa anthu amene pamavuto amaona Mulungu ngati woyenda nawo, ndi amene amaona kuti Mulungu akuwalanga kapena wawataya, ndipo anapeza kuti a gulu lachiwirili amavutika kwambiri mumtima. Tsopano taganizirani za bambo amene bizinesi yake yagwa, akumva pa wailesi ndi pa zimkuzamawu za m'tauni usana ndi usiku kuti wodalitsidwa amaonekera pa galimoto ndi pa nyumba, kuti umphawi ndi temberero, ndiponso kuti amene sakukolola ndiye kuti sanabzale mbewu mokwanira. Kwa munthu wotere ngongole siikhalanso ya kwa wakatapila yekha, imasanduka chizindikiro chakuti ngakhale kumwamba amukana. Chimodzimodzinso amene ali ndi matenda okhumudwa akauzidwa kuti ndi ziwanda kapena kuchepa kwa chikhulupiriro, n'kumusalitsa kudya masiku atatu m'malo momuperekeza kuchipatala, amabwerako ali ndi nthenda yake yomwe ija, kuwonjezerapo mlandu wakuti walephera kuchira.

Za mbali ya osakhulupirira ndinaziphunzira kwa mnzanga wa kuntchito, mphunzitsi wa sayansi wochokera ku Ntcheu, amene anasiya za Mulungu ali kukoleji ndipo sabisa, ngakhale kuti salalikira. Ndinamufunsa mosapita m'mbali tsiku lina m'chipinda cha aphunzitsi ngati munthu wosayembekezera chiweruzo kapena moyo wina sakhala pafupi ndi phompho kuposa ife. Iye anaseka pang'ono n'kunena kuti munthu amene ali ndi malaya amodzi okha ndiye amawasamala kwambiri, ndipo kwa iye moyo uno ndi wokhawo, alibe wina wosinthira. Kenako nkhope inasintha, nati, "Koma achimwene, inu mukagonekedwa m'chipatala padzabwera anthu 40 ndi nkhuni ndi ndiwo. Ine padzabwera mkazi wanga, mwinanso inuyo." Anandifotokozera kuti mwana wawo woyamba atamwalira iye analowa mumdima kwa miyezi yambiri, ndipo chimene chinamupweteka koposa sichinali kusowa Mulungu woti amulirire, koma kumva achibale akunong'onezana kuti chimenechi ndi chilango cha kukana kwake. Anathandizidwa ndi aphungu a ku St John of God ku Katoto, malo a chithandizo cha matenda a maganizo amene amayendetsedwa ndi chipani cha abulazala a Chikatolika, ndipo iye mwini amaseka akamanena kuti anakachira m'manja mwa anthu a tchalitchi amene sanamukakamize kupemphera.

Mawu akewo anandionetsa kuti kuno kwathu munthu akasiya chikhulupiriro sataya chiphunzitso chokha. Ku mayiko monga Sweden kapena Denmark wosapemphera amakhala pakati pa anzake ambiri ofanana naye, ndipo akadwala kapena ntchito ikatha boma limamugwira dzanja. Kuno inshuwalansi ya munthu wamba ndi mpingo, amene amabwera ndi bokosi ndi mpingo, ndipo amene amapereka galimoto yonyamula maliro ndi mpingo. Ngati wosakhulupirira wa ku Malawi ali pa chiopsezo, mbali yaikulu ya chiopsezocho timamupatsa ndife okhulupirira pomusala, ndipo kenako timatenga kusungulumwa kwake ngati umboni wakuti tinkanena zoona.

Pa nkhani ya maliro osaimba, mtima wanga sunakhazikikebe. Ndikumvetsa mantha a akuluakulu, akuti kuimbira wodzipha kungaoneke ngati kuvomereza, ndipo kwathu kumudzi mwambo wa makolo unalinso wouma pa imfa yotere. Koma chilango chimenechi sichifika kwa womwalirayo, chimagwera mkazi wamasiye ndi ana, amene ndi anthu omwe ali pa chiopsezo chachikulu kuposa wina aliyense pa siwapo. Mpingo wa Katolika unayendapo njira imeneyi n'kubwerera. Malamulo ake a 1917 ankamana odzipha mwambo wa maliro wa mpingo, koma a 1983 anachotsa chiletsocho, ndipo Katekisimu wa 1992, pa ndime 2282 ndi 2283, amanena kuti kusokonezeka kwakukulu kwa maganizo, nkhawa kapena mantha zingachepetse kulakwa kwa munthu, ndiponso kuti mpingo umawapempherera anthu oterewa. Chiphunzitso chakuti moyo ndi wopatulika sichinasinthe, chimene chinasintha ndi kumvetsa kuti munthu wodwala maganizo sasankha ngati munthu wabwinobwino. Lamulo la boma nalo linakhala ndi mtima wakale womwewo kwa zaka zambiri, pakuti gawo 229 la malamulo a milandu, limene tinalandira kwa atsamunda, linaika kuyesa kudzipha m'gulu la milandu, pomwe ku England komweko anasiya kuzenga anthu otere mu 1961, ndipo Ghana inatero mu 2023. Munthu amene akudziwa kuti akaulula akumana ndi wapolisi kutsogolo ndi bwalo la mpingo kumbuyo amasankha kukhala chete.

Thupi la kalipentala wathu tinalinyamula pa lole kupita nalo ku Dowa. Tinanyamuka ku Mzuzu m'bandakucha kuli nkhungu, bokosi lili pakati, ndipo linali limodzi mwa mabokosi amene iwo eni anakhoma. Amayi anakhala molizungulira atafunda zitenje kumutu, opanda yunifolomu monga kunagamulidwira, ndipo kuchokera m'tauni mpaka kulowa m'nkhalango ya Chikangawa panalibe mawu ena koma kulira kwa injini pa zitunda. Tili pakati pa mitengo ya paini, mayi ena okalamba a kwaya anayamba kung'ung'udza nyimbo kukhosi osatsegula pakamwa, ena anawatsatira, ndipo posakhalitsa lole yonse inali kuimba motsitsa. Mkulu wa mpingo amene anatiperekeza anali atakhala pafupi ndi ine pa thumba la chimanga. Anayang'ana kumbali kwa kanthawi, kenako ndinamva akulowetsa besi pamalo pamene inkasowa.

Titabwerako, kagulu kathu ka abambo kanagwirizana zinthu ziwiri. Ngongole ya malemu tinaifafaniza m'buku pamaso pa mkazi wawo, kuti asadzaimve kwa wina pamsika. Tinapanganso lamulo lakuti bambo akasowa masabata awiri, anzake awiri apite kwawo, osati kukamufunsa chifukwa chimene wajombera, koma kukakhala naye pakhonde, ndipo ngati aona kuti zinthu sizili bwino amufunse mosazungulira ngati akuganiza zodzipha, n'kumuperekeza ku Katoto kapena ku chipatala chachikulu cha Mzuzu. Ena ankaopa kuti kufunsa chotero n'kumupatsa munthu maganizo amene analibe, koma aphungu amanena kuti funsolo silibzala kanthu, limangotsegula pakamwa pamene panali potseka. Ulendo wanga woyamba unali wa ku Mchengautuwa, kumene tinapeza kuti mwini nyumba anapita ku Karonga kukagula mpunga wa bizinesi, ndipo mkazi wake anatiseka kwambiri asanatipatse tiyi. Ulendo wachitatu sunali woseketsa, ndipo bambo ake a pakhomopo akulandira chithandizo mpaka pano.

Nditamufotokozera mnzanga wa sayansi uja za lamuloli, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kufunsa kuti, "Nanga ine amene ndajomba zaka 20, mubwera liti?" Ndinakauza gulu, ndipo panali kukangana pang'ono ngati lamulo lathu limafika kwa munthu amene dzina lake mulibe m'kaundula. Amene anathetsa mkanganowo ndi bambo achikulire aja a pa moto, amene anati iwo apita nawo ulendo woyamba. Tsopano timapita Loweruka lina lililonse masana, timakhala pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba yake ku Luwinga, ndipo timasewera bawo mpaka chisanu chitatithamangitsa. Bambo aja ayesapo kawiri kumutembenuza, osaphula kanthu, ndipo pa bawo sanamugonjetsepo ngakhale kamodzi.